Kuikonza kapena kuisiya momwe ilili? Mkangano wa magalimoto apamwamba akale

Mu Ogasiti 2024, ku Pebble Beach m'chigawo cha California ku America, oweruza pa chionetsero cha magalimoto akale anachita zomwe anali asanachitepo chiyambire mwambowu mu 1950. Mphoto yaikulu anaipereka kwa galimoto yosanyezimira. Inali Bugatti Type 59 ya mu 1934, yomwe poyamba inali ya mipikisano, kenako inakhala ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Penti yake inali yosuluka ndi yokandikakandika, chikopa cha pampando chakutha, ndipo mwini wake, Fritz Burkard wa ku Switzerland, sanafune kuti zipserazo zifafanizidwe. Pabwalo lomwelo panali magalimoto omwe amisiri anathera zaka akuwaphwasula ndi kuwamanganso mpaka kumaoneka ngati angotuluka kumene m'fakitale. Onsewo anagonja.

Chigamulochi chinabweretsa poyera funso lomwe lakhala likugawa anthu osunga magalimoto akale kwa nthawi yaitali. Galimoto yakale yamtengo wapatali ikapezeka, choyenera n'kuikonza kuti ioneke yatsopano, kapena kuisunga ndi ukalamba wake? Nanga ikakonzedwa kwambiri, mpaka zitsulo zambiri n'kukhala za masiku ano, imakhalabe galimoto yomwe ija?

Magalimoto ake ndi ati

Tikunena za magalimoto a anthu olemera omwe anapangidwa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse isanayambe mu 1939, makamaka kuyambira mu 1919. Ku Britain kunali Rolls-Royce ndi Bentley. Ku France kunali Bugatti, Hispano-Suiza, Delage ndi Delahaye. Ku Germany kunali Mercedes-Benz, Maybach ndi Horch, ku Italy Isotta Fraschini ndi Alfa Romeo, pomwe ku America kunali Duesenberg, Packard, Pierce-Arrow ndi Cadillac.

Kuti nkhani yonseyi imveke, m'pofunika kudziwa momwe magalimotowa ankagulidwira. Kampani ngati Rolls-Royce sinkagulitsa galimoto yathunthu. Inkagulitsa chasisi chokhala ndi injini, magiya, mawilo, rediyeta ndi chiwongolero basi. Wogula ankatenga chasisicho kupita nacho ku kampani ina ya amisiri omanga bodi, ndipo ambiri mwa makampaniwa anayamba kalekale ndi ntchito yopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ku London kunali Barker, Hooper ndi Park Ward, ku Paris kunali Saoutchik komanso Figoni et Falaschi, ku Pasadena kunali Murphy. Kumeneko mwini galimoto ankasankha maonekedwe, mtundu wa penti, chikopa ndi matabwa a m'kati. Motero magalimoto awiri a chasisi chofanana ankatha kusiyana kotheratu. Komanso chasisi chinkakhalitsa kuposa bodi, kotero sizinali zachilendo kuti munthu achotse bodi yakale n'kumangitsa ina pa chasisi chomwecho. Apa m'pomwe pali gwero la mikangano yambiri ya lero.

Mitengo yake inali yoopsa. Duesenberg Model J, yomwe inaonetsedwa koyamba ku New York mu Disembala 1928 ndi injini ya mahosipawa 265, chasisi chake chokha chinkagulidwa $8,500, pa nthawi yomwe Ford Model A yathunthu inali pafupifupi $500. Anapanga osakwana 500. Ettore Bugatti anapitirira apo ndi Type 41 Royale, ya injini ya malita 12.7, yomwe ankaganiza kuti mafumu adzailimbirana. Anapanga 6 okha, atatu okha ndi omwe anapeza ogula pa nthawiyo, ndipo palibe mfumu inagula. Mainjini a mtunduwo anakathera m'masitima apamtunda a ku France.

Momwe anasandukira zinyalala

Chuma cha dziko lonse chitagwa kuyambira mu 1929, ogula anachepa. Bentley inagwa mu 1931 n'kugulidwa ndi Rolls-Royce. Duesenberg inatseka mu 1937, Pierce-Arrow mu 1938. Nkhondo itabuka, magalimoto ambiri analandidwa ndi asilikali, ena anaphwanyidwa pofuna zitsulo, ena anabisidwa m'mashedi ndi kuiwalika.

Nkhondo itatha panalibe amene ankawafuna. Ankamwa petulo wambiri pa nthawi yomwe petulo ankagawidwa moyeza, zomwe ku Britain zinapitirira mpaka mu 1950. Ankafuna dalaivala wolembedwa ntchito wodziwa kuwasamalira, koma mabanja olemera anali atachepetsa antchito. Makampani nawo anali atayamba kupanga galimoto yomwe bodi ndi chasisi n'chinthu chimodzi, ndipo ntchito ya omanga bodi inazilala. Ma Rolls-Royce ambiri anadulidwa kumbuyo n'kusanduka onyamula maliro, okokera magalimoto owonongeka, kapena onyamula katundu kumafamu, chifukwa injini zake zinali zosatopa. Mu 1960 boma la Britain linayambitsa lamulo loti galimoto ya zaka 10 kapena kuposerapo iziyesedwa ngati ili yoyenera pamsewu, ndipo ziphakasa zambiri zinapita kukaphwanyidwa chifukwa eni ake sanaone chifukwa chozikonzera.

Zaka zimenezi n'zofunika pa mkangano wathu. Galimoto iliyonse yotere yomwe ilipo lero inadutsa m'nyengo yomwe inalibe mtengo, pomwe makaniko aliyense ankaikamo chitsulo chilichonse chomwe chakwana.

Chiyambi cha kusonkhanitsa

Chidwi chosunga magalimoto akale chinayamba nkhondo isanabuke. Ulendo wa magalimoto akalekale wochoka ku London kupita ku Brighton unayamba mu 1927, pokumbukira lamulo la mu 1896 lomwe linakweza liwiro lololedwa pamsewu. Bungwe la Veteran Car Club of Great Britain linakhazikitsidwa mu 1930, la Vintage Sports-Car Club mu 1934, la Antique Automobile Club of America mu 1935, ndipo la Classic Car Club of America, lomwe limayang'ana kwambiri magalimoto apamwamba a nyengo yomwe tikukambayi, linabwera mu 1952. Mamembala oyambirira sanali ampondamatiki ayi. Ambiri anali okonda zamakina omwe ankagula magalimotowa chifukwa anali otsika mtengo komanso okoma kuyendetsa.

Kenaka kunabwera osonkhanitsa akuluakulu. Bill Harrah, mwini nyumba za juga ku Reno m'chigawo cha Nevada, anasonkhanitsa magalimoto pafupifupi 1,400. Analemba ntchito amisiri ake, ndipo anali ndi laibulale yofufuzira momwe galimoto iliyonse inalili pochoka m'fakitale. Kakonzedwe kofufuza kaye m'mabuku kanafala kwambiri chifukwa cha iye. Atamwalira mu 1978, magalimoto ambiri anagulitsidwa pa okushoni m'zaka za m'ma 1980, ndipo ochepa otsala ali ku National Automobile Museum ku Reno komweko.

Ya abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, ndi nkhani yowawa pang'ono. Iwo anali ndi mafakitale a ulusi ndi nsalu m'dera la Mulhouse ku France. Fritz anagula magalimoto mazanamazana mwakachetechete, kuphatikizapo ma Bugatti 30 omwe anagula nthawi imodzi mu 1964 kwa John Shakespeare wa ku Illinois. Anawabisa m'nyumba ina ya fakitale, akukonzedwa ndi amisiri olumbiritsidwa kusunga chinsinsi. Malonda a nsalu atalowa pansi, antchito n'kuyamba kuchotsedwa, abalewa anathawira ku Switzerland. Mu Marichi 1977 antchito analowa m'nyumbamo n'kupeza magalimoto oposa 400 atandandalikidwa pansi pa nyali zokongola. Anakhalamo pafupifupi zaka ziwiri, akulola anthu kudzaona komwe thukuta lawo linapita. Boma la France linalengeza mu 1978 kuti magalimotowo ndi chuma cha mbiri ya dziko chosayenera kumwazidwa, ndipo malowo anatsegulidwa ngati nyumba yosungira zakale mu 1982. Ma Royale awiri mwa 6 aja ali kumeneko.

Ntchito yokonza imayenda bwanji

Mmisiri wabwino sayamba ndi sipanala. Amayamba ndi mapepala. Amawerenga nambala ya chasisi, ya injini, ya giyabokosi ndi ya bodi, n'kuziyerekeza ndi zomwe fakitale inalemba. Pa Rolls-Royce ntchitoyi ndi yosavutirapo chifukwa makadi a galimoto iliyonse anasungidwa ku Hunt House ku Paulerspury, ndipo amaonetsa wogula woyamba, womanga bodi ndi tsiku lomwe chasisi chinayesedwa. Makampani ena mabuku awo anapsa pa nkhondo kapena anatayidwa kampani itatseka, ndipo wofufuza amadalira zithunzi zakale ndi nyuzipepala. Zikatha izi, galimoto imajambulidwa paliponse, kenaka n'kuphwasulidwa, chilichonse chikulembedwa komwe chachokera.

Vuto lalikulu nthawi zambiri limakhala m'bodi. Pansi pa malata osalalawo pali mafupa a matabwa, kawirikawiri a mtengo wotchedwa ash, womwe ndi wolimba, wopepuka ndipo umalola kupindika osathyoka. Malata a aluminiyamu kapena achitsulo ankakutidwa pa matabwawo ndi kukhomeredwa ndi timisomali. Madzi akalowa pa zenera kapena padenga amatsikira pansi pa zitseko, thabwa n'kuwola kapena kufumbwa. Chizindikiro chake n'chitseko chomwe chimagwa pang'ono ukachitsegula. Pomwe msomali wachitsulo wakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyontho, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera. Kuti ufike pa thabwa lowola uyenera kufunyulula lata, ndipo lata la zaka 90 ukaliwongola ndi kulipindanso limang'aluka. N'chifukwa chake ntchito yomwe imayamba ngati yosintha thabwa limodzi imatha ndi bodi yomwe theka lake n'latsopano. Lata latsopano limaumbidwa pamanja. Mmisiri amalimenya ndi nyundo yamtengo pa thumba la mchenga, kenaka amaliyendetsa uku ndi uku pakati pa mawilo awiri achitsulo mpaka mabampu onse atatha, akuliyesa pafupipafupi pa chikombole chamatabwa. Madigadi imodzi yokha imatha kudya masabata angapo.

Injini ili ndi zake. Mabering'i a crankshaft m'magalimoto ambiri a nthawiyo sagulidwa m'paketi ngati a lero. Amapangidwa ndi chitsulo chofewa choyera, chomwe chimasungunulidwa ndi kuthiridwa pamalo pake, kenaka n'kuboola mwa muyeso. Pomaliza mmisiri amapaka utoto wabuluu pa crankshaft, amaizungulitsa, n'kuona pomwe utotowo wadinda pa bering'i. Pamenepo m'potukuka, ndipo amapala ndi kampeni pang'onopang'ono, kubwereza mpaka chitsulo chitakhudza mofanana ponseponse. Magineto, omwe amapereka moto ku mapulagi popanda kudalira batire, amafunika kukulunganso mawaya ake chifukwa zomatira zakale zimasungunuka injini ikatentha. Makabuleta ena ndi zogwirira zitseko zinapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi zinc chomwe chimafufuma ndi kusweka chokha pakapita zaka, ndipo chikatero palibe kuchiwotcherera, koma kuumba china. Mabuleki a magalimoto ambiri ndi a ndodo ndi zingwe zachitsulo, ndipo amagwira bwino pokhapokha wowakonza akadziwa kuwalinganiza mawilo onse anayi. Petulo wa masiku ano amawonjezera vuto lina. M'mayiko ambiri amasakanizidwa ndi ethanol, monga zakhala zikuchitikira kuno ku Malawi kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi a labala akale, amakoka chinyontho m'thanki, komanso amasungunula vanishi yomwe inkapakidwa pa zoyandama za m'kabuleta.

Pofika pa penti ndi zonyezimira m'pomwe chinyengo chosadziwa chimalowera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 magalimoto ankapentedwa ndi bulashi, kupaka, kuumitsa, kukwecha, kupakanso, kwa masabata ambiri. Penti yopopera youma msanga, monga Duco ya kampani ya DuPont, inafala chapakati pa zaka zimenezo. Zitsulo zowala poyamba zinkakutidwa ndi nickel, yemwe kuwala kwake n'kofatsa kopita kuchikasu, ndipo chrome anayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Penti ya lero ndi yolimba ndi yowala kuposa zonsezi. Wokonza akaipaka, n'kuika chrome pomwe panali nickel, siponji pomwe panali ubweya wa kavalo m'mipando, ndi mawaya a pulasitiki pomwe panali okutidwa ndi ulusi, galimotoyo imakongola koma imakhala chinthu chomwe sichinayendepo pamsewu mu 1925.

Ntchito yonseyi imatenga maola masauzande ambiri, ndipo si zachilendo kuti ndalama zokonzera zipose mtengo womwe galimotoyo ingagulitsidwe.

Mbali zotsutsana

Okonda kukonza kotheratu amati galimoto ndi luso la wojambula ndi mmisiri, ndipo lusolo limaoneka bwino galimoto ikakhala momwe inalili tsiku loperekedwa kwa mwini wake woyamba. Dzimbiri ndi chikopa chong'ambika, iwo amati, si mbiri koma kusasamala. Amakumbutsanso kuti magalimoto ambiri anapezeka atatheratu, moti popanda kuwamanganso bwenzi kulibe. Mfundo yomalizayi ndi yoona, ndipo otsutsana nawo saikana.

Chomwe amakana ndi kupyola muyeso. Kwa zaka zambiri zionetsero zinkapereka mphoto kwa galimoto yowala koposa, ndipo eni ake anayamba kupukuta ngakhale pansi pa chasisi, kulinganiza mitu ya zomangira kuti iyang'ane kumodzi, ndi kusankha mitundu ya penti yokopa maso yomwe galimotoyo sinakhalepo nayo. Pochita izi anataya umboni wosabwezeka. Chikopa choyambirira chimaonetsa momwe osoka ankasokera. Pansi pa mipando pamapezeka manambala olembedwa ndi choko kapena pensulo ndi anthu omwe anamanga bodi. Zikapita kudzala, wokonza wa mawa alibenso poonera, ndipo amangotengera zomwe mnzake wa dzulo anaganiza.

Maganizo osunga galimoto momwe ilili anakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pebble Beach inatsegula gawo la magalimoto osakonzedwa mu 2001. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku Philadelphia, Fred Simeone, yemwe anali ndi magalimoto ambiri a mipikisano, analimbikitsa kuti mwini galimoto ya mbiri azidziona ngati woisunga chabe m'malo mwa mibadwo yakutsogolo. Bungwe la mayiko loona za magalimoto akale la FIVA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, linatulutsa chikalata chotchedwa Charter of Turin, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu 2013. Mfundo zake zinatengera zomwe akatswiri osamala nyumba zakale amatsata: sunga zoyambirira zambiri momwe ungathere, zosintha zomwe zinachitika galimoto ikugwira ntchito uzione ngati mbali ya mbiri yake, lemba chilichonse chomwe wachita, ndipo pomwe n'kotheka konza m'njira yoti wina adzathe kubweza.

Malire a maganizo amenewa anaoneka pa Bugatti ya mu 1925 yomwe inavuulidwa m'nyanja ya Maggiore, m'malire a Switzerland ndi Italy, mu 2009, itakhala pansi pa madzi zaka zoposa 70. Mbali yomwe inakwiririka m'matope inatsala, inayo inadyeka. Inagulitsidwa pa okushoni ku Paris mu 2010 pa mtengo woposa €260,000, ndipo wogula, Peter Mullin wa ku California, anaiika poonetsera osaikonza. Apa ambiri anavomereza, chifukwa kuikonza kukanatanthauza kupanga galimoto ina n'kutaya yomwe inavuulidwayo.

Pali gulu lachitatu lomwe limaseka mbali zonse ziwiri. Awa ndi oyendetsa. Kwa iwo galimoto yomwe siyenda yafa, kaya ikuwala kaya ili ndi dzimbiri. Amasintha chomwe chatha, amaika mabuleki abwino ndi magetsi okhotera kuti asagundidwe pamsewu wa lero, ndipo sadandaula ndi mwala ukakanda penti. Mfundo yawo ili ndi mphamvu kuposa momwe imaonekera. Luso losintha magiya opanda zothandizira, pomwe dalaivala amaponda kilatchi kawiri akumvetsera kulira kwa injini, silingasungidwe m'kabati. Komanso makina ongokhala amawonongeka: oyilo amauma, mabuleki amamatirira, matayala amaphwa mbali imodzi. Koma kuyenda kumadya zitsulo, ndipo chitsulo chilichonse chosinthidwa chimachepetsa zoyambirira. Vutoli palibe analithetsa.

Yeniyeni ndi iti

Munthu amatha kunena kuti khasu ili ndi la agogo ake, chonsecho mpini anasintha katatu ndipo chitsulo chake anagulanso china. Kumudzi palibe amene angamutsutse. Koma khasulo likanakhala la mapaundi 10 miliyoni, nkhani ikanapita kukhoti, ndipo ndi zomwe zinachitika ku London mu 1990.

Galimoto yake inali Bentley Speed Six yotchedwa Old Number One, yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1929 ndi mu 1930. Mwini wake, Woolf Barnato, anaisinthitsa kwambiri pambuyo pake. Inapatsidwa chasisi china ndi injini yaikulu, ndipo mu 1932 inachita ngozi pa bwalo la mipikisano la Brooklands yomwe inapha dalaivala Clive Dunfee, kenaka inamangidwanso ndi bodi ina yoyendera pamsewu. Patapita zaka zambiri mwini wake wa nthawiyo, Edward Hubbard, anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge kuti aigulitse pa mtengo wa mapaundi 10 miliyoni. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo ponena kuti iyi si galimoto yomwe inapambana ku Le Mans. Woweruza Otton anagamula mokomera Hubbard. Anavomereza kuti zitsulo zambiri si za mu 1929, koma anati mbiri ya galimotoyo sinadukepo: kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto imodzi yomweyo, motsatizana, ndipo panalibe ina yomwe ikanadzitcha dzinalo. Kuyambira pamenepo mfundo ya mbiri yosaduka imatchulidwa kawirikawiri pa mikangano yotere.

Mfundoyi siithetsa zonse. Nthawi zina galimoto imodzi inaphwasulidwa kalekale, injini n'kupita kwina, chasisi kwina, ndipo lero pali magalimoto awiri odzitcha nambala imodzi. Ambiri amati dzina limatsata chasisi, koma ena amafunsa kuti kachidutswa kachitsulo kokhala ndi nambala kangapose bwanji injini, magiya ndi bodi zonse pamodzi. Mwa ma Bugatti Type 57 Atlantic anayi omwe anapangidwa pakati pa 1936 ndi 1938, imodzi inasowa pa nthawi ya nkhondo ndipo sinapezekebe, ina inagundidwa ndi sitima mu 1955 n'kumangidwanso pambuyo pake. Akatswiri amatsutsanabe za kuchuluka kwa zoyambirira zomwe zili mu yomangidwansoyo.

Msika nawo unawononga zambiri. Popeza galimoto yopanda denga imagulidwa mokwera kuposa ya denga, ma Bentley ambiri a m'ma 1920 anachotsedwa bodi zawo zenizeni za denga n'kuvekedwa zatsopano zotengera za ku Le Mans. Lero Bentley ya nthawiyo yokhala ndi bodi yake yoyambirira ya denga ndi yomwe yasanduka yosowa. Palinso magalimoto atsopano opangidwa motengera akale. Kampani ya Pur Sang ku Argentina imapanga ma Bugatti Type 35 ofanana kwambiri ndi enieni, ndipo kampani ya Bentley nayo inalengeza mu 2019 kuti ipanga magalimoto 12 atsopano a mtundu wa Blower motengera galimoto yake ya mu 1929, zomwe zinakwiyitsa eni ena a akalewo. Galimoto yotere ilibe mlandu ikamagulitsidwa m'dzina lake lenileni. Mlandu umayamba ikadutsa m'manja angapo n'kutulukira ndi nambala ya galimoto yomwe inatayika kale. Ndipo popeza ukalamba wayamba kulipira, kwabukanso amisiri odziwa kukalambitsa penti ndi chikopa chatsopano.

Ndalama ndi umwini

Mu 1987 Royale imodzi inagulitsidwa ku London pa mapaundi 5.5 miliyoni. Inali nyengo yomwe anthu ankagula magalimoto akale ndi ngongole poyembekeza phindu, ndipo msikawo unagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Magalimoto osowa kwambiri anadzakweranso: Duesenberg SSJ ya mu 1935 yomwe inali ya katswiri wa mafilimu Gary Cooper inagulidwa $22 miliyoni mu 2018. Koma mitengo yotereyi ndi ya ochepa. Magalimoto wamba a denga a nyengoyi savuta kupeza, ndipo ogulitsa amadandaula kuti ogula achinyamata amakonda magalimoto omwe ankawasirira ali ana, a m'ma 1980 ndi 1990. Ngati chidwichi chidzabwerera kapena ayi, anthu amangolosera.

Umwini nawo umafuna kufufuza, makamaka pa magalimoto a ku Ulaya omwe anasintha manja pa nthawi ya nkhondo. Mercedes-Benz 500K ya mu 1935 yomwe inali ya mkulu wa mafakitale wa ku Germany, Hans Prym, inasowa mu 1945 asilikali a America ali m'deralo. Inadzagulitsidwa pa okushoni ku California mu 2011, koma wogulayo atapita nayo ku chionetsero ku Essen mu 2012 inagwidwa, ndipo khoti la ku Germany linaona kuti adzukulu a Prym anali ndi mfundo zomveka zoti galimotoyo ndi yawo.

Zomwe zatsala m'manja mwa eni ndi amisiri

Zomwe pafupifupi onse amavomereza lero ndi izi: galimoto yomwe yafika ili yathunthu ndi penti, chikopa ndi matabwa ake oyambirira isaphwasulidwe, koma itsukidwe, ilimbitsidwe ndi kukonzedwa mkati kuti iyende. Yomwe yafika itawola kapena itakonzedwapo kale molakwika ikhoza kumangidwanso, bola ntchitoyo itsate umboni ndipo zochotsedwa zisungidwe. Pakati pa ziwirizi pali magalimoto ambiri omwe chigamulo chake chimadalira maso a munthu, ndipo poti kuphwasula sikubwezeka pomwe kudikira sikuwononga kanthu galimoto ikakhala pouma, wokayika amachita bwino kudikira.

Nkhawa yaikulu ndi ya amisiri. Odziwa kuthira mabering'i, kuumba malata ndi kukulunga magineto akukalamba, ndipo malo ophunzitsira ndi ochepa. McPherson College ku Kansas ndi imodzi mwa sukulu zochepa zomwe zimapereka digiri ya zaka zinayi ya ntchitoyi. Kuno kummwera kwa Africa, wofuna kuona magalimoto a nyengoyi ndi maso akhoza kupita ku Franschhoek Motor Museum pafupi ndi Cape Town, kapena ku James Hall Museum of Transport ku Johannesburg.

Amene angapeze galimoto yakale yotere m'shedi ya pafamu kapena kuseri kwa galaja, asathamangire sandipepala ndi penti, ndipo asayese kuiliza, chifukwa injini yomwe yakhala zaka zambiri ndi oyilo wouma imatha kuwonongeka m'mphindi imodzi. Aiike pansi pa denga, aijambule mbali zonse, alembe manambala a chasisi ndi injini, asunge kapepala kalikonse kopezeka m'katimo, kenaka alembere bungwe la eni magalimoto a mtunduwo asanamasule bawuti ngakhale imodzi.